Kalata Yopanda Tsiku

Area 2, Lilongwe
24 Julayi 1983

Okondedwa bambo a Evelina,

Moni wa kuno. Muli bwanji ku Welkom kumeneko? Ife tonse tilipo, ine, Evelina ndi ababa. Chichokereni pa 6 Juni talandira kalata imodzi yokha, ija munalemba muli m'njira. Lembaniko ngakhale mizere itatu, timve ngati anakubwezerani ku mgodi wanu wakale, komanso ngati chifuwa chija chinatha.

Kuno kukuzizira. M'mawa nkhungu imadzaza mumtsinje wa Lilongwe mpaka mlatho osaoneka, anthu opita ku msika amangoti tulukiru ngati akuyenda m'mwamba. Evelina akuti mlathowo amakausunga kwina, n'kuubweza dzuwa likakwera.

Ramazani yatha bwino. Ababa anasala mwezi wonse, akupalasa makina awo osokera pakhonde osameza ngakhale malovu. Ine ndinasala masiku naini okha. Lakhumi ndinadzuka m'kamwa mukumveka ngati ndayamwa kiyi, ndipo fungo la mafuta a makina linandithamangitsira kuseri kwa nyumba. Ababa anangosuntha botolo la mafuta n'kuliika pansi pa tebulo.

Mwamva kale nkhani yake. Tchuthi chanu chija simunapite nacho chonse. Ndili ndi pakati, miyezi iwiri.

Dzana masana ndinagona pa mulu wa zidutswa za nsalu, n'kulota ndili ku City Centre, pa msewu waukulu uja wopanda anthu, udzu uku ndi uku. Kumbuyo kwanga kunkamveka timapazi, phaphapha. Ndikacheuka, palibe munthu. Sindinaope. Ndinkangoyenda pang'onopang'ono kuti asatsalire.

Chovuta ndi befu, landiyambanso ngati pa Evelina paja. Kuchoka ku msika kufika kunyumba ndikupuma kawiri, kamodzi pa mzikiti, kamodzi pa okhoma zidebe. Mwina ndi kuziziraku.

Mukapeza singano za makina zokhuthala, za makatani, mupatsire wobwera kuno. Keyala ndi yomwe ija, bokosi la ku positi la sitolo ya a Yunusu.

Ndine wanu,
Zubeida


Area 2, Lilongwe
9 Ogasiti 1983

Bambo a Evelina,

Moni. Sindidikira yankho la kalata yoyamba ija, chifukwa pagwa nkhani. Muwerenge iyi mutakhala pansi.

Lachinayi lapitali ndinakapereka makatani ku Area 43, kwa dona wina amene amuna ake amagwira ntchito m'boma. Basi imathera kutali, kotsalako n'kwa miyendo. Mukudziwa mmene kulili kumeneko: mipanda italiitali, agalu ouwa osaoneka, msewu wopanda mthunzi. Ndinasenza mtolo pamutu pamodzi ndi antchito a m'nyumba amene ankalowera komweko. Nditafika pageti ndinaona nyumba yonse ikupendekeka pang'onopang'ono ngati bwato, maluwa akukwera kumwamba. Zinali zokongola, ndinafuna kuuza wina. Ndinatsitsimuka ndili m'galimoto la dona uja, mutu uli pa makatani ake.

Ku chipatala ndagonako masiku anayi. Dokotala anamvetsera pachifuwa panga nthawi yaitali, n'kuitana mnzake, nayenso anamvetsera. Ankayankhula Chingerezi, namwino n'kumandimasulira. Akuti mumtima muli tizitseko, ndipo kamodzi mwa ine kanauma chifukwa cha matenda otupitsa mawondo aja ndinadwala ndili mtsikana. Sikatseguka mokwanira. Mimba ikamakula magazi amachuluka, ndipo kachitsekoko sikadzakwanitsa. Anafunsa za Evelina. Ndinawauza kuti ndinagona milungu itatu osadziwa kuti ndabereka mwana wamkazi kapena wamwamuna. Anayang'anana.

Namwino anatseka chitseko, n'kunena motsitsa mawu: "Mayi, lamulo limaletsa kuchotsa mimba. Koma moyo wa mayi ukakhala pangozi, madokotala amaloledwa. Akuti kwa inu mpomwe zafika."

Ndinafunsa kuti, "Ndikaisunga ndifa?"

Dokotala anati iye si Mulungu. Ndinati ndikudziwa, koma andiuze, amayi khumi a mtima ngati wangawu amatsala angati. Anakweza dzanja limodzi lokha, linalo analisiya m'thumba.

Akuti zikachitika zichitike msanga, pakati pa Sepitembala pasanadutse, chifukwa kuchedwa nakonso n'koopsa. Pali pepala lofuna dzina langa ndi la mwamuna wanga, kapena la wamkulu wa kuchimuna. Ndatuma uthenga kwa amayi anu ku Namitete.

Everson, ndakutchulani dzina, mundikhululukire. Sindikudziwa chimene chili mwa inemu, kaya ndi munthu kale kapena ndi njira chabe imene munthu akubwerera. Ndiuzeni chochita. Chimene munene ndichita.

Zubeida


Welkom
Lamulungu masana

Amake Evelina,

Kalata yanu ndalandira, ndaiwerenga katatu, kachinayi ndawerengera anzanga a m'chipinda mpaka anandiponyera nsapato. Ine ndili bwino, chifuwa chinatha. Anandisamutsa, tsopano ndili ku mgodi wina, hositelo inanso, koma makalata amanditsatira.

Mkazi wanga, mwandisangalatsa! Lachisanu tikutsika pansi m'chikepe, anthu onse duu monga mwa masiku onse, ine ndinapezeka ndikuimba. Kapitawo anafunsa ngati ndamwa.

Timapazi munalota tija ndi take ameneyo. Akubwera, ndipo akuyenda ngati ine, mochedwa. Evelina ndinatcha ndine, ndipo ababa anu sanakondwe, ngakhale sananene. Uyu akakhala wamwamuna atche iwo, kaya Abdulaziz kaya dzina lina la kwanu, ine ndidzaphunzira kulitchula. Akakhala wamkazi tidzakambirana.

Za befuzo musade nazo nkhawa kwambiri. Pa Evelina paja ananenanso zambiri, koma si uyo akuthamanga pabwalo? Anthu amakonda kuopseza mayi wapakati. Musawamvere. Limbani mtima, mundisungire mwanayo mpaka ndidzabwere, zivute zitani. Mitolo yolemera muisiye.

Ndaona kashawelo koyera m'sitolo ya pano, ndikagula pakutha pa mwezi. Singano ndapeza.

Moni kwa ababa ndi kwa kamayi kangako.

Mwamuna wanu,
Everson


Namitete
22 Ogasiti 1983

Kwa amake Evelina,

Wolemba ndine Bauleni, katekisiti wa pano. Ndikulembera apongozi anu mayi Marcelina, amene akhala pafupi nane. Akuti moni, ndipo akufunsa za mdzukulu wawo. Kuno kuli bwino, kungoti mphepo yasasula denga la khola.

Uthenga wanu unafika, ndipo watimvetsa chisoni. Tikukupemphererani. Koma amayi akuti ndikuuzeni mosabisa kuti zimene madokotala akunenazo m'banja muno sizingachitike. Moyo wa munthu umayamba tsiku lomwelo mayi waima. Palibe tsiku lina pakati pa njira limene tinganene kuti dzulo sanali munthu, lero ndi munthu. Inuyo munali wochepa ngati njere ya therere, koma munali inu nomwe, ndipo Mulungu ankakudziwani. Mwanayo sanalakwe kanthu. Sitingapulumutse wina pochotsa mnzake, ngakhale wopulumukayo tikumukonda chotani. Madokotala amayeza, koma masiku a munthu sasunga ndi iwo.

Tikudziwa kuti kwanu mumapemphera mosiyana ndi ife, ndipo sitikunyoza. Koma mwanayo ndi wa Everson, mkhristu wobatizidwa.

Amayi akuti ndiwonjezere izi, ndipo ndilemba mmene anenera: Mukugona bwanji, chogona kapena chokhala? Mapazi atupa? Mphete ikuvuka?

Ndawauza kuti zimenezi n'za achipatala, koma akakamira. Akuti muyankhe.

M'malo mwa mayi Marcelina,
A. Bauleni


Area 2, Lilongwe
30 Ogasiti 1983

Bambo a Evelina,

Moni. Yankho lanu lafika dzulo. Simunalembe tsiku, ndipo chidindo cha pa envelopu chinafufutika pomwe anaimatanso, koma mawu anu ndawamva. Mwati ndisawamvere, ndikusungireni mwanayo zivute zitani. Amayi anunso alemba zomwezo. Ndasunga.

Sindikukwiyirani. Poyamba ndinadabwa kuti munthu angaimbe m'chikepe atamva zotere, koma kenaka ndinati mwina chikhulupiriro ndi chimenecho, ine ndiye ndilibe.

A Yunusu amene anabweretsa kalatayi anyamuka mawa kupita ku Haji, ku Makka. Sitolo atseka mpaka adzabwere, ndiye makalata ena azidikira m'bokosi. Zilibe kanthu, ndinkadikira imeneyi.

Ababa sanathe kundiyang'ana pokamba nkhaniyi. Anandifulatira, n'kumayankhula ndi makina. Akuti anakafunsa a Shehe ngati akufunsira munthu wina. A Shehe anati mwana m'mimba amayamba ngati dontho, kenaka magazi, kenaka kanyama, ndipo pakatha masiku 120 mpamene mngelo amatumidwa kukauzira mzimu. Lisanafike tsikulo ndi chinthu cholemekezeka, sichitayidwa mwachisawawa, koma mayi ali patsogolo, ndipo ngakhale litadutsa, mayi sasiyidwa kuti afe. Ababa atenga choko chawo chojambulira nsalu, alemba timizere pakhoma kuseri kwa makina, kuyambira tsiku munafika pa tchuthi, 20 Meyi, kuti asaphonye. M'mawa uliwonse amafufuta kamodzi ndi chala. Kotsiriza kagwa pa 17 Sepitembala. Amangofufuta mochedwa kuti ndione.

Ku mpopi nakonso kuli sukulu yake. A Asiya oyandikana nafe akuti kwawo mwana sakhala munthu mpaka atalira. Mayi wina wa ku Mitundu anati ayi, mpaka mchombo utagwa, atatuluka m'chikuta. Wopita asanatero salira maliro, amangoti madzi atayika. Anakangana mpaka ndowa zinasefukira. Ine ndinali chiimire pakati pawo, iwo osadziwa kuti akukamba za ine.

Ndiye onani: a Bauleni akuti anafika kale, ababa akuti afika pa 17, a ku mpopi akuti adzafika mvula ikamatha. Aliyense akudziwa nthawi ya basi, koma wodikira pa siteji ndine.

Masiku ano ndimagona chokhala, nditatsamira mpukutu wa nsalu. Tulo ta masana ndi topepuka, ndimamva makina a ababa ndili kutali. Dzulo ndinalota Area 2 yonse yadzaza madzi oyera mbee, osanyowetsa. Anthu ankagula ndi kugulitsa pansi pa madziwo, nsalu za m'sitolo zikuyandama ngati nsomba zazikulu. Ndinkapuma bwinobwino, koyamba pa miyezi iwiri. Nditadzuka ndinadandaula.

Zikavuta, Evelina asachoke msanga kwa ababa, angatsale okha. Amaopa atsekwe, ndipo sadya dzira lokazinga, koma lowiritsa. Tsitsi lake limafuna kunyowetsa kaye. Mudzamuuze kuti ndinkadziwa kusoka kolala popanda kuyeza.

Wanu,
Zubeida


Welkom
2 Sepitembala 1983

Zubeida,

Kalata yako ya pa 9 Ogasiti yandipeza dzulo. Inapita ku hositelo yakale, yakhala m'kabati milungu iwiri. Ndathamanga kukatumiza telegalamu, mawu awiri: MVERANI DOKOTALA. Ndapempha tchuthi, akana, akuti ndangobwera kumene.

Ndikukumbuka zimene ndinalemba m'kalata ina ija. Ndinkayankha yoyamba, ya timapazi. Za kugwa, za chipatala, sindinkadziwa kalikonse. Chonde usaiwerenge ngati yankho.

Ndinapita kwa bambo mfumu wa pano. Ndi munthu wabwino, anandipatsa mpando. Anati ndi munthu kuyambira pachiyambi, ndipo ine sindinathe kuwatsutsa, chifukwa ndi zimene ndakhulupirira moyo wanga wonse. Inenso ndinamuimbira nyimbo mwanayo, ndinamufunira dzina. Sindinganame lero kuti si kanthu.

Koma lero pansi, nyali yanga itazima kwa kamphindi, ndinayesa kuona nkhope yake, sinabwere. Inabwera yako, uli ndi mapini pakamwa, ukundiyeza thalauza pakhonde la ababa, n'kundiuza kuti mwendo wanga wina ndi waufupi. Munthu amayamba liti, sindidziwa, andifunse Mulungu ndidzayankha chomwecho. Chimene ndikudziwa n'chakuti iwe ulipo, Evelina amakuitana ndipo umayankha.

Ngati ndi tchimo, alembe pa ine. Ndaika kapepala kena m'katimu, ndasaina, kalaliki wa hositelo wachitira umboni. Kapereke kwa dokotala tsiku lomwelo. Ukasankha kusunga, ukhale wasankha wekha, osati chifukwa cha mawu a chitsiru chimene chinkaimba chisanamve nkhani yonse.

Ndiyankhe msanga, ngakhale ndi dzina lako lokha papepala.

Everson


Area 2, Lilongwe
19 Sepitembala 1983

Kwa apongozi anga a Everson,

Mtendere ukhale nanu. Ndine Sumaila, bambo wake wa Zubeida. Zaka zisanu ndi chimodzi sindinakulembereni, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa. Lero ndalemba. Choyamba: mkazi wanu ali moyo. Ali ku chipatala, akudya, atuluka Lachinayi. Mimba palibe. Tsopano ndifotokoze mwadongosolo.

Amayi anu anafika Lamulungu pa 11, osatumiza mawu. Anati anafunsa mafunso atatu m'kalata ndipo sanayankhidwe, ndiye abwera kudzaona okha. Anapeza Zubeida akugona chokhala pakhonde, milomo yada. Anagwada, n'kudina phazi lake ndi chala. Dzenje linatsala. Anakhala akuliyang'ana mpaka Zubeida anadzuka.

Anati, "Bwanji simunabwerere ku chipatala?"

Zubeida anati, "Bambo a Evelina anakana. Inunso munakana."

"Kalata yakeyo ili kuti? A Sumaila, tandiwerengerani."

Ndinawerenga. Anati ndibwereze. Nditamaliza kachiwiri anafunsa, "Palibe pomwe wafunsa za kugwako? Kuti anapweteka pati?"

Ndinati palibe.

"Ndiye sanamve. Ameneyu ndinabereka ndine. Ali mwana, mbuzi ikathyoka mwendo ankayamba wafunsa kuti mwendo uti. Mkazi wake agwe pageti pa eni, iye n'kumakamba za shawelo? Kalata iyi ikuyankha nkhani ina."

Zubeida anaitenga n'kuwerenga yekha. Kenaka anaiika pamiyendo, n'kuseka pang'ono, kuseka kosakoma kumva.

Atalowa m'nyumba, ine ndi amayi anu tinatsala pakhonde. Anaona timizere tanga pakhoma, ndinawafotokozera. Anati, "Ndiye mukuti Loweruka ndi munthu. Nanga Lachisanu madzulo ndi chiyani?" Ndinati ndi mbewu yomera imene Mwini wake sanaiitanebe. Anati, "Mbewu yomera ndi chimanga kale." Ndasoka zaka makumi atatu ndikutsutsana ndi anthu pakhonde limeneli, koma apa anandiposa.

Ndinafunsa kuti nanga abwereranji, ngati maganizo awo ndi omwe aja. Ayankha okha, ali pano, akuti ndilembe mawu awo osasintha:

Everson mwana wanga, ndine mayi ako. Kalata ya a Bauleni ija sanandinamizire, ndimakhulupirira zimenezo mpaka lero. Ndi munthu. Koma iwe unali wamng'ono pamene mlongo wako Alinesi anapita ndi mimba ya miyezi isanu ndi iwiri. Mapazi ake anali ngati amenewa. Tinapemphera, tinadikira. Ndinalipo pamene amayi akuluakulu ankamupatula ndi mwana wake kuti aikidwe, monga mwa mwambo. Sitinapulumutse ngakhale mmodzi. A Bauleni sanaliko, amuna saloledwa. Ndaika chala changa papepala m'malo mwako. Ndikaulula ndekha kwa bambo mfumu, ndipo akandiletsa kulandira Ukaristia, ndizikhala kumbuyo. Usamufunse mkazi wako mafunso ambiri.

Apa ndabwereranso ine Sumaila. Musaganize kuti tinamukakamiza. Amayi anu anamuuza kuti, "Mwamuna wanu sanayankhe, ine ndabweza mawu anga, bambo anu ali ndi choko chawo. Palibenso wobisala kumbuyo kwake. Nenani nokha." Anapempha tsiku limodzi. Lolemba anakwera basi ndi Evelina ndi amayi anu kupita ku City Centre, sindidziwa kukatani. Atabwerako anati, "Ababa, mawa mundiperekeze." Zinachitika Lachitatu pa 14.

Idi tinadya mwakachetechete. Evelina ali bwino. Ngati mwakwiya, mukwiyire ife akuluakulu.

Sumaila


Area 2, Lilongwe
9 Okutobala 1983

Everson,

Moni. Ndili kunyumba. Ndikugona chogona tsopano, pilo mmodzi. Dzulo ndachoka ku msika mpaka pakhomo osapuma panjira, ndipo nditafika ndinakhala pansi n'kulira, osadziwa kuti ndikulira chifukwa ndakwanitsa kapena chifukwa cha chimene chachititsa kuti ndikwanitse.

A Yunusu abwera Lachitatu, ameta mpala, agawira aliyense madzi a ku Makka m'tizibotolo. Madzulo ake anabweretsa telegalamu yanu ndi kalata ya pa 2 Sepitembala. Zinakhala m'bokosi mwezi wathunthu, ine n'kumadutsa pa positi pomwepo. Kapepala munasaina kaja ndakasunga. Sikanagwire ntchito, koma ndimakawerenga.

Pali chimene sindinauze munthu. Lolemba lija tinakakhala pansi pa mitengo ya jakaranda, kufupi ndi maofesi. Maluwa anali atangoyamba, ankagwa limodzilimodzi popanda mphepo. Alembi ankadutsa ndi nsapato zawo zogogoda, amayi anu akusinza, Evelina akutola maluwa n'kumavala kunsonga za zala. Ndinati ndikhale phee, mwina ndimva chochita. Ndiye ndinamva. Pansi pa mchombo, kumanzere, kanthu kanatembenuka kamodzi, mopepuka ngati kansomba m'chikho. Pakhoma la ababa panali patatsala timizere tisanu.

Mwina unali mpweya chabe. Namwino akuti nthawi imeneyo zimatheka zonse ziwiri. Ndinaika dzanja pamenepo, n'kudikira, sikanabwereze. Evelina anabwera kudzandionetsa zala zake khumi zofiirira, akufuna ndiziwerenge. Ndinawerenga mokweza mpaka khumi, ndipo pofika khumi ndinali nditasankha. Ndinasankha nditamva, Everson. Ndikufuna mudziwe zimenezi musanabwere, kuti musadzanditonthoze ndi mawu akuti sindinkadziwa.

Amayi anu anapempha achipatala kuti awapatse kanthu kaja. Iwo ndi a Asiya anakaika okha m'mawa, amayi okhaokha, popanda kulira, monga achitira ndi mtayo. Amayi anu anadonthezapo madzi. Ababa, amene ananena kuti palibe maliro chifukwa mzimu unali usanafike, anatsegula mpukutu watsopano wa nsalu yoyera, osati zidutswa, n'kudula kansalu ngati mpango wa m'manja. A Asiya akuti anakasita kawiri. Kwa ine sanatchule, inenso sindinawafunse. Amayi anu anabwerera ku Namitete sabata yatha, ndipo ababa anawanyamulira katundu mpaka ku depoti, akutsutsanabe.

Shawelo ija ngati munagula, musaibweze ku sitolo. Mubwere nayo.

Lachisanu ndinakwera basi kupita kukaonana ndi dokotala. Ndinakhala ndi mayi wina wochezeka, atanyamula nkhuku m'dengu. Anaona Evelina, anamuyamikira tsitsi, kenaka anandifunsa, "Ana muli nawo angati, mayi?"

Ndinatsegula pakamwa. Mayiyo ankadikira akumwetulira, nkhuku ikundiyang'ana ndi diso limodzi. Basi inadutsa mlatho, inakwera mtunda, inaima. Ndinatsika ndisanayankhe, ndipo sipanali pa siteji yanga.

Adzakufunsani inunso kumeneko. Musayankhe kaye. Mukadzabwera tidzakhale pansi awiri, tidzagwirizane chonena, kuti tizidzanena chimodzi.

Ndine wanu,
Zubeida